Nkhuku zanga zakana paipi

Sabata ino fungwe wandidyera nkhuku ziwiri, ndipo wolakwa ndine.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito yokonza msewu ku Njewa anandipatsa paipi yachitsulo, yowongoka, yosalala. Ndinazula timitengo takale m'khola n'kuikamo paipiyo kuti nkhuku zizigonapo. Ndinati nazonso zilawe chitukuko.

Zinakana. Imodzi inayesa kukwera, inaterereka n'kugwa chagada. Zonse zinasamukira mumtengo wa mango, komwe fungwe anazipeza. Mwa nkhuku za mtundu umene anandisiyira malemu mayi anga, latsala thadzi limodzi lokha lamawanga.

Mkazi wanga, Nabanda, anandifunsa akusesa: "Kodi bambo a Yosefe, inuyo munagonapo pachitsulo mwezi wa Juni?"

"Iwe usandiphunzitse! Ndinapita kusukulu ine!"

"Eya, koma nkhukuzo sizinapite nawo."

Ndinamenyetsa chitseko. Koma ndili m'munda ndinakumbukira bambo anga ku Nsaru. Pofuna mtengo wogonapo nkhuku, iwo sankadula wauwisi. Ankalowa m'chigafa n'kusolola mkangala wakale, uja wapachikidwapo fodya zaka zambiri mpaka kuda bii ndi utsi. Ankaugwira m'dzanja: chala chachikulu chikangotsala pang'ono kukhudza cha mkombaphala, ndiye kuti wakwana phazi la nkhuku. Makungwa sankachotsa, kuti zikhadabo zipeze pogwira. Ndipo chifukwa cha fungo la fodyalo, utitiri sunkayandikira n'komwe.

Bambowo sankadziwa kulemba dzina lawo. Koma phazi la nkhuku ankalidziwa.

Nanga ife? Tangophunzira kuvala tayi, basi chilichonse chakuda ndi utsi tayamba kuchita nacho manyazi. Mitondo tikubisa kuseri kwa nyumba, miphika yadothi tikumwetseramo nkhumba. Chinthu chikangonyezimira timati n'chabwino, osafunsa amene adzachigwiritse ntchito. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Lachinayi ndinalowa m'chigafa changa mozemba, ndinasolola mikangala iwiri, ndinaiyeza ndi zala monga ankachitira bambo, n'kukaiika m'khola m'malo mwa paipi ija. Dzuwa litapendeka, thadzi lija linalowa lokha m'khola, linakwera, linakhala phee, nthenga zitaphimba mapazi. Nabanda anaona zonse. Anangoyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Zinandiwawa kuposa kunditukwana.

Tsono inu anzanga ophunzira, m'makomo mwanumo mwazula zingati zimene akuluakulu anaziyeza ndi zala, inu osafunsa n'komwe chimene ankayeza?