Foloko ya Atelala Sinama

Mumsewu mwathu muno mumzinda wa Sincelejo, mkazi akakhala ndi pakati sathamangira kuchipatala. Amayamba wadzera kwa amayi atelala a pakona paja. Iwo amabisa foloko pansi pa pilo pampando wina, supuni pampando winanso, n'kumuuza kuti asankhe pokhala. Foloko ndi mnyamata, supuni ndi mtsikana.

"Zaka makumi atatu, sindinaphonyepo," amatero, mapini ali kukamwa. Ana onse amene anawalosera molondola amawatchula mayina, mpaka tsiku lobadwa. Ukawakumbutsa za enawo, makina osokera amayamba kulira kwambiri moti samva.

Chaka chatha mpongozi wawo weniweni, Nelsy, anakhalira foloko. Kuchipatala atamuunika anati ndi mtsikana. Amayiwo anangoseka: makina obwera dzulodzuloli angadziwe chiyani? Anasoka timalaya tabuluu tachimuna, n'kulengeza msewu wonse kuti akaphonya ulendo uno, zolosera asiya.

Kunabadwa mtsikana.

M'mawa mwake a Eladio ogulitsa khofi anaima pawindo, mano onse pamtunda. "Anzathu, paja foloko inati chiyani? Tikubwerekeni yathu?"

Amayiwo sanadzutse n'komwe mutu. Nkhaniyi anali ataisinkhasinkha bwinobwino, ndipo mumtima mwawo munali mbee.

"Inu a Eladio, mutu ngati kapu yopanda khofi. Foloko inati mnyamata, eya. Koma inanena kuti abwera liti? Uyu ndi mlongo wake, wangotsogolako."

Nelsy, khanda lili kubere, anamva ali kuchipinda n'kukuwa: "Amayi, mnyamata wanuyo mubereka nokha!"