Mizere Iwiri ya Balani ya Abambo

M'Kasungu monse, kuyambira ku Boma mpaka ku Chamama, palibe wondiposa pa nkhani yoyeza kukhazikika kwa makina odziwongolera okha. Ndinaziphunzira miyezi inayi ku koleji, kenako ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chokha.

Abambo anali ndi balani yowotchera fodya. Ndinawauza kuti munthu wosonkha moto nayenso ndi makina: amayang'ana kutentha, n'kuwonjezera nkhuni, ndipo akapupuluma kutenthako kumangokwera n'kutsika osakhazikika. Ndiye ndinasonkha moto pafupipafupi, kenako patalipatali, n'kujambula mizere iwiri papepala la timabokosi, wina wa kukwera kwa kutentha, wina wa kuchedwa kwake. Mizereyo inati ndingathe kuponya zikuni zitatu nthawi imodzi.

"Ponya chimodzi, udikire kaye," anatero abambo.

"Bambo, pepala silinama."

Kungoti ndinayeza balaniyo ili yopanda kanthu. Fodya wamuwisi atalowamo, kutentha kunkachedwa kwambiri, ine n'kumangowonjezera. Kenako kunabwera konse pamodzi, masamba onse n'kuda bii.

Abambo anangokhala pansi. Ine ndinapinda pepala langa bwinobwino n'kuika m'thumba, poti ndinaligula makwacha mazana awiri.