Kaduwa Kowawa Pafupi ndi Mtsuko

Mayi a kunyumba kwanga ndidawatenga kumapiri a ku Thyolo n'kutsika nawo kuno kwa Makhuwira, kumene dzuwa limakuwotcha ngati uli nalo mlandu. Tabereka ana, takalamba, koma kutentha kwa kuno sadakuzolowere. Maso awo atayamba kuchita ng'ala, maondo nawo atakana chitunda, adasiya kupita kwawo. Ankangokhala pakhonde nkhope italoza kumapiri. Ine zinkandidya mumtima. Ndinkaopa kuti mayiwa akudandaula chamumtima kuti adatsikiranji kuno.

Tsiku lina adatchula kaduwa kamene kamamera m'malo onyowa pamwamba pa phiri la kwawo. Adati n'kabuluu kotuwirako, kooneka ngati nyenyezi, masamba ake awiriawiri moyang'anizana. Dzina lake lenileni sankalidziwa. Ali ana ankangoti kowawa, poti amayi awo ankaviika muzu wake m'madzi mwana akadwala m'mimba.

"Ndikadangokaonanso kamodzi maso asanatsekeretu," adatero.

Ine ndine munthu waphuma. Mvula itangosiya ndidakwera phiri ndi khasu ndi chidebe chobooka. Duwa labuluu loyamba kuliona ndidakumba n'kutsika nalo ndikuimba mluzu. Ndidalibzala kudimba n'kulithira ndowe za ng'ombe, chifukwa ife a kuchigwa timadziwa kuti chomera chilichonse chimafuna dzuwa, ndowe ndi madzi ambiri. Lidakula mpaka kundifika m'maondo. Anzanga akudimba ankandiseka, ati mdala wayamba kulimira agulugufe ndiwo.

Litachita maluwa ndidathyola nthambi n'kupita nayo kwa mayi, chifuwa chili patsogolo. Sadaiyandikize n'kumaso komwe. Adabudula tsamba n'kulitafuna pang'onopang'ono.

"Pepani bambo, mwalera mwana wa eni. Ili n'lozizira ngati ndiwo zopanda mchere."

"Koma buluu wake si yemweyo?"

"Buluu ngwambiri kuphiri, kathu kamadziwika ndi lilime. Nanga chinthu chonenepa chonchi padzuwa la kuno chingakhale cha kwathu?"

Adaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndidakwiya tsiku lonse, komabe kuseka kumeneko ndinali nditakusowa kwa nthawi yaitali.

Chaka chotsatira ndidakweranso. Ulendo uno duwa lililonse labuluu la masamba awiriawiri ndinkayamba ndalilawa ngati mbuzi. Pafupi ndi kasupe, pakati pa udzu waufupi, ndidapeza kanthu kakang'ono koti ukhoza kukaponda osadziwa. Nditaluma tsamba, kuwawa kwake kudandikwera mpaka m'makutu. Nimu wathu wa kuchigwa akuchepa. Ndidakumba tingapo tosaphuka pamodzi ndi dothi lake lakuda.

Kunyumba mayi adalamula okha. Kudimba ayi. Ndowe ayi. Madzi a pamjigo ayinso, poti athu kuno ngamchere. Adandiuza kuti nditulutse mtsuko wa madzi akumwa, ndiukhazike pamiyala pamthunzi wa bwemba kuseri kwa nyumba, n'kubzala timaluwato m'mbali mwake. Mtsuko umachita thukuta, ndiye pansi pake pamakhala ponyowa ndi pozizira ngakhale masana. Madzi odzaza mtsukowo ndinkakatunga kukamtsinje kotsika kuphiri. Kutali ndithu, ndipo ndinkapita ndikung'ung'udza, koma ndinkapita.

Tina tonse tidafota, kamodzi kokha n'kamene kadapirira. M'mawa wina wa m'nyengo yachisanu, dzuwa litakwera, kadatsegula maluwa. Ndidawagwira dzanja mayi n'kuwathandiza kugwada. Adayandikiza nkhope mpaka mphuno kukhudza kaduwako, koma ndidaona kuti buluu uja sakumuona. Tinali titachedwa. Zidandipweteka kwambiri, ndipo mumtima ndidatemberera chaka chija ndidachitayira kudimba.

Iwo adapapasa, n'kubudula katsamba, n'kutafuna. Nkhope yonse idakwinyika, misozi n'kulengeza, kenaka adaseka.

"Ndi komweka! Takhuta, bambo."

Adandithokoza m'Chisena cha kwathu, chimene zaka zonsezi ankati chimawapotokola lilime. Pamenepo ndidalimba mtima n'kufunsa chimene ndinkaopa chija.

"Mayi, simudandaula kuti ndidakutsitsani kuno?"

"Inu, funsani kaduwaka. Kakapeza wokaikira mthunzi, kamakhala. Tandidzutsani, mukathire madzi mumtsukomo, wayamba kuuma."