Kukatenga Amalume ku Polisi pa Tsiku la Chinkhoswe

Foni inalira 7 koloko m'mawa, Loweruka, ndikupukuta nsapato. Anali mlongo wanga wa ku Chinsapo.

"Achimwene, amalume awamanga."

"Aba chiyani?"

"Sanabe. Amasamba."

Limenelo linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga Tiyamike, 2 koloko masana ku Kawale. Ankhoswe athu ndi amalumewo. Anachokera kumudzi ku Dowa Lachinayi n'kufikira kwa mlongo wangayo. Popanda iwo panalibe wolandira tambala kwa akuchimuna, ndiye kuti panalibenso chinkhoswe. Suti yawo inali kwanga. Ndinaipinda, ndinaiika m'jumbo, ulendo.

Pa Nsungwi ndinakwera minibasi, K2,000 mpaka m'tauni. Anatipanikiza anayianayi. Tikudutsa pa Kanengo, mayi amene ndinakhala naye anasuzumira m'jumbo.

"Suti m'jumbo, bambo? Kwagwanji?"

Ndinawauza. Minibasi yonse inamva.

Bambo wina wachipewa kumbuyo anakwiya. "Akumanga nkhalamba, atsikana a timasiketi akungoyenda!"

"Lamulo la masiketi linatha kalekale," anatero mayi aja. "Siketi ndi chovala. Amalume anuwo anavala chiyani?"

"Sopo," ndinatero.

Kondakitala anaseka mpaka anaiwala kutsitsa munthu pa Area 18.

M'depoti ndinafika cha m'ma 9. Ndinagula mandasi awiri ndi botolo la thobwa. Minibasi ya ku Chinsapo inali ndi anthu atatu okha. Sindikanadikira. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K2,500. Ndinamuuza kuti athamange. Anathamangadi. Pamsewu wa ku Likuni ndinamuuza kuti achepetse.

Amalume ndinawapeza pabenchi kupolisi, atavala buluku ndi malaya, sopo atauma kukhutu. Mandasi anadya onse osandifunsa.

Wapolisi anali mayi. Anafotokoza. Kumpopi madzi anasiya. Amalume anatenga sopo n'kutsetserekera kumtsinje, pafupi ndi mlatho, n'kuvula zonse. Amayi opita kumsika anakadandaula.

"Kuvula poyera, pamene anthu akudutsa, ndi mlandu," anatero. "Ena amafika nawo kukhoti."

Amalume anaimirira. "Mwana wanga, ine ndinatchera khutu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakuwa kuti, 'Kumadziko!' Kwathu munthu akayandikira posambira amaima patali n'kukuwa. Wosambayo amayankha kuti dikirani, kapena dutsani. Awa amangotulukira ngati mbuzi. Wolakwa ndani?"

"Agogo, pamlatho paja pamadutsa anthu tsiku lonse. Onsewo azikuwa?"

"Eya. Alibe pakamwa?"

Mayiyo anabisa nkhope m'buku. Kenako anati iyenso kwawo ndi ku Ntchisi, ndipo kumeneko amakuwa. Koma kuno si kumudzi. Za belo, anati, tidikire abwana.

Tinadikira. 11 koloko inakwana. Tiyamike anaimba kawiri, sindinayankhe. Ndikanamuuza chiyani? 12 koloko anaimba mayi ake, ndinati tili m'njira. Benchi ija inanditentha.

Abwana analowa 12:30. Ndinavula chipewa, ndinawapatsa khadi la chinkhoswe. Anawerenga. Anawayang'ana amalume kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ankhoswe ndi amenewa?"

"Ndi omwewa, bwana. Ena tilibe."

Anati apite pa belo, abwerenso Lolemba, ndipo ine ndisayine kuti ndidzabwera nawo. Ndinasayina. Mtima unali kale ku Kawale.

Anawapatsa kachipinda kovalira. Anachedwamo. Mayi wapolisi uja anapita pakhomo, anaima patali pang'ono.

"Kumadziko!"

"Dikirani!" anayankha amalume m'katimo, mwamphamvu. Atatuluka anandikoka mkono. "Ameneyu analeredwa."

Tinatenga akabaza awiri, K3,000 aliyense. Amalume anali asanakwerepo njinga yamoto. Anamugwira mnyamata uja m'chiuno ngati thumba la chimanga, jekete likuuluka kumbuyo. M'tauni magalimoto anali atathinana, ife tinangodutsa pakati. Pa Biwi ndinamva ndikukuwa ndekha kuti, "Tafika! Tafika!" Ine sindikuwa kawirikawiri.

Ku Kawale tinalowa kutatsala mphindi khumi. Nthungululu zinalira. Tiyamike anandiyang'ana, ndinangogwedeza mutu. Amalume analandira tambala ndi manja awiri, analankhula bwino za ulemu m'banja. Akuchimuna anaombera m'manja. Sopo uja anali adakali kukhutu.

Lamulo lija ndi loona, sindilitsutsa. Mlendo wochokera kumudzi ndizimuuziratu asanatsike basi. Koma ndakhala mu Lilongwe zaka zambiri, ndawoloka milatho yonse, ndipo sindinakuwepo n'kamodzi komwe. Mwa mbuzi zimene ankanena amalume zija, ina ndine.