Njinga Yopanda Kaliyala

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi pamene azakhali anga, a Nabanda, anandikokera kuseri kwa thandala la usipa n'kundichenjeza, khutu langa lili m'manja mwawo. "Iwe Delifa, mwamuna akabwera pa njinga usamathamangire kuona belu. Uzizungulira kumbuyo, ukaone ngati pali pokhala mnzake."

Ananena choncho chifukwa anandipeza ndikupukuta njinga ya alamu anga ndi nsonga ya diresi langa. Alamuwo, a Lingisoni, anali atangolowa kumene m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lifuwu, kudzakwatira achemwali anga Esinati. Ntchito yawo inali yoyeza mpunga pa sikelo, ndiye manja awo sankanunkha nsomba ngati a amuna ena onse amene ndinkawadziwa.

Njinga za m'mudzi mwathu zinali zakuda, zolemera, mamba a nsomba atamatirira mpaka pa chishalo. Ya alamu inali yobiriwira, yonyezimira, yokhala ndi kagalasi koonera kumbuyo ndi timaluwa tapulasitiki m'masipoko. Belu lake linkamveka munthu ali kudambo. Koma kumbuyo kwake kunali tayala lokhalokha. Kaliyala anamasula okha, timabowo ta mabawuti tinkachita kuonekera. Munthu akawafunsa ankaseka, amvekere, "Ukakhala ndi kaliyala mudzi wonse umakusandutsa ngolo. Uyu ndi chimanga chake, uyu ndi mwana wake wodwala. Ine ayi." Anthu ankaseka nawo. Inenso ndinkaseka, ndipo mumtima ndinkati azakhali ndi nsanje chabe, popeza amuna awo ankayenda wapansi.

Matenda a achemwali anayamba nyengo ya dzuwa, ija mchenga umawotcha mapazi kusanafike n'komwe masana. Abambo ndi amuna ambiri anali ku Mbenji kokapha nsomba. Azamba a m'mudzi anatuluka m'nyumba nkhope itagwa, nauza amayi kuti mwana wagona mopingasa, athamange naye ku chipatala. Ananditumiza kukaitana alamu, amene ndinawapeza akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Anabwera akukankha njinga yawo, akuizembetsa pamene panali zitosi za nkhuku.

"Akamwini, munthu ndi uyu," anatero azakhali.

Alamu anayang'ana akazi awo atatsamira chitseko, thukuta lili kamukamu, kenako anayang'ana njinga.

"Nanga akhala pati? Ine nditsogole, ndikawauze anamwino akonzeke."

Anapinda mwendo wa buluku, naupana bwinobwino kuti usade ndi tcheni, n'kukwera. Ndikukumbukira kuti potuluka pabwalo analiza belu kuti nkhuku zipatuke.

Tinayamba ulendo wapansi, achemwali ali pakati pa amayi ndi azakhali, ine pambuyo nditasenza beseni la zitenje. Sitinapite patali. Achemwali anagwada mumchenga, mano ali kukutu, n'kunena kuti angowasiya pomwepo. Amayi anayamba kulira. Ndi pamene tinamva kulira kwa tcheni chopanda mafuta, ndipo fungo linatipeza mwini wake asanafike.

Anali a Juma, bambo wachikulire wogula nsomba kwa asodzi n'kumakagulitsa kumidzi ya kumtunda. Ife ana tinkatseka mphuno akamadutsa, n'kumawaimba nyimbo zachipongwe. Njinga yawo inali yoipa kuposa zonse, ndipo kaliyala wake anali wowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba, wotakata ngati mpando. Tsiku limenelo anali atamangirirapo dengu lodzaza utaka wauwisi. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani. Anatsika, namasula malegeni, nagwetsera dengu m'mbali mwa njira, n'kuyala chitenje chimodzi pa kaliyalapo.

"Mukwezeni, amayi. Insha Allah tifika." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mtsikana, uzingondithamangitsira akhwangwala."

Sanakwere. Ankakankha, minyewa ya m'khosi ili panja, amayi ndi azakhali atagwira achemwali mbali iyi ndi iyo, mpaka anakhota pa chitsamba osaonekanso.

Ndinakhala ndi dengu lija mpaka dzuwa linapendeka. Sindidzaiwala. Poyamba utaka unali wonyezimira, kenako maso ake anayera, mimba n'kuyamba kutupa ndi kuphulika. Madzi akuda ankadontha pansi pa dengu n'kumalowa mumchenga. Kunabwera ntchentche zija zobiriwira, zonenepa, zomwe ukazigunda sizithawa, zimangosuntha pang'ono. Zinkachoka pa nsomba n'kudzatera pamilomo yanga. Ndinasanza mpaka m'mimba munalibenso kanthu, koma kamtengo kothamangitsira akhwangwala sindinakasiye.

A Juma atabwerera anangoti, "Wachira. Mwana wamkazi." Anawerama, nanunkhiza dengu lawo, n'kukakhuthulira zonse patchire. Anamangirira dengu lopanda kanthu pa kaliyala, nandikweza pa felemu, n'kukanditula pakhomo. Za nsomba zawo sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Zotsalazo ndinamva kwa azakhali atabwerako. Akuti atafika ku chipatala anapeza alamu atakhala pamthunzi, akupukuta fumbi m'masipoko ndi kampango ka m'thumba. Anamwino sankadziwa kalikonse. Alamu sanalowe n'komwe, ati ankaopa kuti akasiya njinga panja aiba. Ponena zimenezi azakhali analavula pansi, n'kundiyang'ana. Ukwati uja sunafike nyengo ya mvula. Amalume anawatulutsira alamu katundu wawo pabwalo, ndipo popeza analibe pomangirira, anachoka m'mudzimo atasenza sutikesi pamutu, dzanja lina likukankha njinga.

Kuchokera pamenepo ndinakhala munthu wozungulira kumbuyo kwa chinthu chilichonse. Wogulitsa mafuta ophikira ndimanunkhiza kaye botolo lake. Munthu akandipatsa moni wautali ndimayang'ana kumene maso ake akuloza. Makiyi a m'nyumba mwanga amagona m'chiuno. Malemu amuna anga, a Biziwiki, atabwera kudzandifunsira, ndinawasiya akulankhula ndi amalume ine n'kupita kukagwedeza kaliyala wa njinga yawo. Sanagwedezeke. Njinga imeneyo inanyamula mpunga, malata, ana anga onse popita ku sikelo, ndi ine ndemwe pa mimba iliyonse. Iwo atamwalira inatsala ndi ine. Mdzukulu wanga Fanuwelo, amene ndinamulera kuyambira amake atatisiya iye ali wakhanda, ndiye ankandikweza mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Miyendo yangayi siifikanso ku chipatala yokha, ndipo mankhwalawo akandithera mutu umalira ngati chigayo, maso n'kuchita mdima.

Chaka chino ndinapita ku maliro kutsidya kwa dambo. Pobwera ndinapeza pakhonde patatsamira chinthu chotuwa, choonda ngati galu wa kugombe. Njinga ya malemu panalibe. Fanuwelo, mnyamata wa ndevu zake, anali akumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Agogo, tainyamulani muone! Ndi aluminiyamu ameneyu, siichita dzimbiri. Ndasinthanitsa ndi mnzanga wa ku loji ku Senga Bay. Chikhokhololo chija chinatha, agogo, anthu amandiseka."

Ndinazungulira kumbuyo. Tayala lokhalokha.

Popeza inalowa m'malo mwa ya malemu, njingayo ndi yanga, ndipo ndaiyang'anitsitsa monga ndimachitira ndi chilichonse cholowa m'nyumba muno. Sindiinamizira. Kupepuka ndi yopepukadi, ine nkhalamba ndimainyamula ndi dzanja limodzi, ndipo n'chifukwa chake wakuba akhoza kudumpha nayo mpanda ali ndi chinangwa kudzanja linalo. Dzimbiri siichitadi, ngakhale kuno kumene chinyontho cha kunyanja chimadya ndi loko yemwe. Pa phula imathamangadi. Anthu anandiuza kuti anamuona Fanuwelo akupikisana ndi minibasi pa msewu wa ku Salima, atawerama, matako m'mwamba ngati bakha wofuna chakudya pansi pa madzi, chifukwa mahandulo ake anapindikira pansi. Zabwino zake zathera pamenepo.

Matayala ake ndi opyapyala ngati chala changa. Kuchoka pa phula kufika pakhomo panga ndi mchenga wokhawokha, ndiye ikangotsika msewu imamira, mwini wake n'kuisenza paphewa. Ndinabadwa ndikudziwa kuti njinga imanyamula munthu, izi za munthu kunyamula njinga ndaziona ndi imvi. Minga ya mthethe imene ya malemu inkaiponda osamva, iyi ikangoinunkhiza, phwii. Pampu ya pakhomo pano siilowa pa kamlomo ka chubu chake, ndipo machubuwo okonza njinga a pamsika amangowatembenuza n'kupukusa mutu. Madigadi ilibe, mvula ikagwa matope onse amathera pamsana pa malaya, ochapa n'kukhala ine. Chishalo chake ndinachigwira, chili ngati mcheni wouma. Ndiye Fanuwelo amanyadira kuti giya ndi imodzi yokha, ati ndiye nzeru zake zimenezo, palibe chovuta kukonza. Ya agogo ake inalinso ndi giya imodzi kuyambira iye asanabadwe, ndipo palibe anaitanapo anthu kuti adzaone.

Ndinamukakamiza kuti tipite nayo kwa wowotcherera, aikepo kaliyala. Bamboyo anaigogoda ndi sipanala, ikulira ngati chitini cha mkaka.

"Amayi, ichi si chitsulo. Ndikangoyandikiza moto wangawu chisungunuka. Onani, ngakhale pomanga bawuti palibe. Anaipanga kuti izinyamula munthu mmodzi basi. Ikadzathyoka mudzapatse oumba mapoto."

Ya alamu anga ija ndiye bola, timabowo tinalipo, munthu akanatha kulapa n'kubwezeretsa kaliyala. Iyi inachoka kumene inapangidwako itakana kale.

Tsiku la ku chipatala linafika. Ndinavala, ndinatseka nyumba, n'kuima pabwalo kuti ndione chimene achite. Poyamba anati ndikhale pa felemu, kutsogolo kwake, ngati kamtsikana kothawitsidwa. Ndinangomuyang'ana. Anakanda m'mutu, nayang'ana ine, nayang'ana njinga.

"Ndiye agogo, ine nditsogole, ndikakugwirireni malo pamzere."

Ndikunena zoona, ndinamva fungo la utaka uja. Mwana amene ndinamutafunira chakudya, amene sanamvepo dzina la a Lingisoni, analankhula ndi pakamwa pawo. Anasenza njinga yake mpaka pa phula n'kuzimiririka. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikupuma pansi pa mtengo uliwonse, mpaka wakabaza wina amene sindimudziwa anandipeza nditakhala m'mbali mwa msewu, mutu uli m'manja. Ngakhale pamenepo ndinayamba ndagwedeza kaliyala wake ndisanakwere.

Madzulo ake njinga ija ndinaikoleka pa mtanda wa kuchipinda kwanga, n'kutseka ndi loko. Ndinamuuza Fanuwelo kuti idzatsika tsiku limene ya agogo ake idzabwerere pakhonde. Anapita ku Senga Bay, nabwerako n'kuti mnzake uja anaigulitsa kale kwa wamakala wa kumtunda. Tinakangana. Anati ndimakonda chitsulo chakutha kuposa iye. Anatenga chikwama chake, ndipo panopa akugona kwa anzake kugombe. Uthenga amatumiza, koma wofunsa za njinga.

Ndikagona chagada ndimaiona ili lendee pamwamba panga, yoyera, yopanda banga. Poyamba ndinkaitukwana. Tsopano ndaona kuti yokhayo ndiyo sinandinamize m'nkhani yonseyi. Aliyense woiyang'ana imamuuza poyera kuti ine ndimanyamula mmodzi. Azakhali sankanena za njinga ayi, ankanena za munthu amene amaona chinthu chotere mtima wake n'kudumpha, osadzifunsa n'komwe kuti nanga uja ndimamukweza uja akhala pati. Chimene sanandiuze n'chakuti munthu woteroyo sachokera kumudzi kwina nthawi zonse atavala buluku losita. Moyo wanga wonse ndinkasuzumira kumsewu, iye akukulira pamsana panga.

Mankhwala amene ndinatenga tsiku lija atsala pansi pa botolo, ndipo ndikukhala ndekha. Ndiye inu amene mumadutsa msewu wa ku Lifuwu, mukafika pa mjigo wakufa uja, khoterani cha kunyanja. Nyumba yake ndi ya chitseko chobiriwira, pali mtengo wa mandimu pabwalo. Musalowe, ndipo musayese kukankha chitseko, sinditsegulira munthu amene sindimudziwa. Ingoimani pa mandimupo muitane kuti, "Agogo a Fanuwelo!" Ndikayankha, ngakhale mokalipa, pitirizani ulendo wanu. Mukaitana kangapo kuli zii, pamenepo ndiye thyolani. Ndipo mukamabwera pa njinga, muiimike chammbali, kumbuyo kwake kuloze pa windo, kuti ndione kaye.