Tsamba Lodikira Siginecha

A Solomoni Kamphinda anali munthu wa taipi. Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchito mu ofesi ina ku Dowa, akumenya makina mpaka nsonga za zala zinachita zikang'a. Pa zaka zonsezo chinthu chimodzi chinawalowa m'mafupa: pepala silituluka m'chipinda bwana asanasaine. Anachiphunzira ndi maso. Nthawi ya chipani chimodzi, mnzawo wa desiki loyandikana anakhoma pa bolodi chidziwitso chosasainidwa, cha msonkhano wa alimi chabe. Apolisi anadzamutenga dzuwa likuswa mtengo. Jekete lake linatsala pa mpando miyezi inayi, wolimba mtima kulichotsa osapezeka.

Zipani zambiri zitabwera, anthu anayamba kulankhula mokweza m'maminibasi, koma a Solomoni ntchito inawathera. Anayesa fodya, fodya anawakana. Ndiye ndi imvi zawozo anakaphunzira kompyuta pa kasitolo kena ku Mponela, anyamata akuwaseka kuti akumenya mabatani ngati akukhoma misomali. Anapirira, ndipo anaidziwa.

Chaka cha njala, 2002, bungwe lina logawa chimanga linatsegula ofesi ku Mponela n'kuwalemba ntchito. M'kona mwa ofesiyo munali kompyuta yaikulu imene ankaitcha seva. Makalaliki a kumalo ogawira chimanga, ku Dowa ndi ku Ntchisi, ankalumikiza makompyuta awo ku sevayo kudzera pa lamya, n'kumalembetsa mabanja. Kalaliki akasokonezeka ankadina batani la thandizo, ndipo pankatuluka tsamba la malangizo m'Chichewa. Masamba amenewo ankalemba ndi kuika pa seva anali a Solomoni. Ankanyadira ntchitoyo, ndipo m'masamba awo simukanapeza chilembo chokhota.

Mkulu wa ofesi anali a Limbani, mnyamata wa ku yunivesite wosakhazikika pa mpando. Sabata yoyamba anawalembera a Solomoni mawu achinsinsi otsegulira seva pa kapepala. A Solomoni anakapinda n'kukasunga m'thumba la malaya. Komabe tsamba lililonse ankayamba alisindikiza, n'kupita nalo kwa bwana atagwira ndi manja awiri. A Limbani ankasaina akuseka, osawerenga n'komwe. Ankayesa ndi ulemu wa achikulire basi.

Tsamba lachinayi linali ndi lamulo lochokera kulikulu: polembetsa banja, bambo wa pakhomo aonekere yekha ndipo adinde chala. Amene anaganiza lamulolo sanakhalepo m'mapiri a Ntchisi. Kumeneko mwamuna amakhala kwa mkazi wake, ndipo zinthu zikathina amanyamula kachikwama n'kupita, khomo ndi ana n'kutsala ndi mayi. Madandaulo atachuluka, likulu linavomera kuti mayi akhoza kulembetsa yekha. A Limbani ananena izi ali pakhomo la galimoto.

"Madala, tsamba lija likonzedwe. Ine ndapita ku maphunziro ku Lilongwe."

Tsiku lomwelo a Solomoni analemba tsamba latsopano, analisunga pa disiketi, analisindikiza, n'kuika pepalalo mu thireyi ya bwana. Kenako anadikira.

Maphunziro a sabata imodzi anabala msonkhano, msonkhanowo unabala ulendo wa ku Blantyre. Kuimbira foni bwana ali pakati pa akuluakulu anzake, a Solomoni ankaona ngati mwano. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa pepalalo n'kuliwongola bwino mu thireyi. Pa seva panali pakadali tsamba lakale, ndipo makalaliki ankalitsatira monga anaphunzitsidwira.

Sabata yachiwiri kunabwera Lenia, mlongo wawo wamng'ono, kuchokera kumudzi kwawo kuseri kwa phiri la Ntchisi. Mwamuna wake anapita kukakhala tenanti ku esiteti ina zaka ziwiri zapitazo, kalata olo imodzi. Ana atatu onse anali m'manja mwa Lenia, ndipo mwini mbumba anali a Solomoni. Kumbuyo Lenia anabereka Debora, mwana wake wa zaka zitatu, tsitsi litafiira, mapazi atatupa. Mwanayo sankalira.

"Achimwene, ndapitako kawiri," anatero Lenia. "Mtsikana wa pa makina uja wandionetsa mawuwo. Akuti abwere bambo. Akutinso olemba mawuwo ndinu."

"Zakonzedwa kale, Lenia. Pepala lili apo. Kwangotsala siginecha."

"Siginechayo ibwera liti?"

"Bwana akabwera."

Lenia anayang'ana thireyiyo nthawi yaitali, kenako anayang'ana iwo. A Solomoni anamugawira ufa wa m'nyumba mwawo, mbale zitatu, n'kumukweza matola. Atabwerera mu ofesi anatulutsa kapepala ka mawu achinsinsi kaja. Anakhala kutsogolo kwa kompyuta, disiketi ili m'manja. Anali ndi mantha, mantha enieni, a munthu amene anaonapo jekete lopanda mwini. Anabweza kapepalako m'thumba.

Mbale zitatu za ufa pa anthu anayi sizifika patali. Kumudzi anthu anali atayamba kukumba zitsa za nthochi. Uthenga wa imfa ya Debora unafika Lachinayi la sabata yachitatu, ndipo a Solomoni, monga malume, ndi amene anakaloza malo okumba manda. Bokosi lake linali laling'ono moti munthu mmodzi analinyamula m'manja.

Lolemba anapeza galimoto ya bwana ili panja. A Limbani anali atanyamula pepala lija, nkhope itasintha.

"Madala, ili likutani muno? Pa seva simunaike?"

"Limadikira inu, bwana."

"Ine? Mawu achinsinsi si ndinakupatsani kalekale? Simufunika siginecha yanga. Simunaifunepo chiyambire."

Anawauza mofatsa, mopanda kukalipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri. A Solomoni analowetsa disiketi, analemba mawu aja, anadina batani. Kanyali ka seva kanaphethira kawiri, basi tsamba latsopano linali litafika ku Dowa ndi ku Ntchisi konse. Kumanga chingwe cha nsapato kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Sanawachotse ntchito, ndipo palibe amene anawaimba mlandu. Mawa lake anapempha tchuthi n'kuperekeza Lenia kukalembetsa. Anaima kumbuyo kwake pa mzere, chipewa chili m'manja. Kalaliki anadina batani la thandizo, anawerenga Chichewa chosalala cha a Solomoni, n'kugwedeza mutu.

"Tsopano zikutheka, mayi. Dindani chala apa. Ana alipo angati?"

"Atatu," anatero Lenia.

Kalaliki anayamba kulemba. Lenia anamugwira dzanja.

"Pepani, mwanawe. Lembani awiri."