Tsiku lomwe Mayi analankhula Chisena ku myuziyamu

Bambo, mdzukulu wanu wanditumizira zithunzi za ulendo wa sukulu ku myuziyamu ya ku Blantyre, kosungira zinthu zakale kuja. Ndakumbuka tsiku lija munatikweza basi pa Ngabu kupita komweko, inu muli mu suti yakuda kutentha konse kuja, baji ya chipani pachifuwa, kuti a ku Blantyre asadziwe kuti ndinu Msena. Wotionetsa zinthu atanena kuti golide weniweni sasuluka, munakoka mkono wa jekete n'kubisa wotchi yanu ija yomwe inkakusiyirani zobiriwira pakhungu. Kenaka tinafika pa zigoba ndi mafupa a nsomba za m'nyanja ya mchere. Mayi ataona chigoba chonga chomwe agogo anabwera nacho kuchokera ku Beira, anafuula m'Chisena, akuseka ngati kamtsikana. Wotionetsayo anafunsa, "Kodi mayiwa muli nawo limodzi?" Inu osaphethira n'komwe: "Ndi wantchito wathu ameneyu." Mkazi wokuberekerani ana, Bambo! Zonsezo kufuna ulemu kwa munthu woti ndi dzina lanu lomwe sanafunse.

Mayi sanalankhulenso Chisena pamaso panu. Abusa amati tizikhululuka, ndipo ndimaopa ndithu kuti Mulungu adzandifunsa, koma ndikafika pa mawu a kukhululuka m'Pemphero la Ambuye, lilime limalemera. Ndikuulula, sindinathebe. Chonditonthoza n'chimodzi: pamaliro anu Mayi anakulirani m'Chisena, mokweza, akuluakulu onse a chipani akumva, inu muli chigonere mu suti yomwe ija.